Kusankha silabasi ya sayansi pophunzitsa mwana wa pulayimale pakhomo: mafunso ndi mayankho

Makolo amene amaphunzitsa okha ana awo pakhomo savutika kwenikweni kusankha buku la masamu kapena la kuwerenga, chifukwa njira yake imaonekeratu: lero tsamba ili, mawa linalo. Pa sayansi m'pamene ambiri amagwira njakata. Mabuku ali mbwee, lililonse likudzichemerera kuti ndi lodzaza ndi zochitachita, ndipo poyambira sipaoneka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kwa makolo a ana a zaka 5 mpaka 11.

Kodi mwana wa zaka 6 akufunikiradi silabasi ya sayansi?

Osati kwenikweni. Mwana wa msinkhu umenewu amene amatuluka panja, kugwira zinthu, kufunsa mafunso n'kupeza munthu womumvetsera, ndiye kuti sayansi anaiyamba kale. Amene amafunikira silabasi ndi kholo. Popanda ndondomeko yolembedwa mlungu umatha, mwezi umatha, mukadzati mutembenuke mumapeza kuti mwakhala mukuphunzitsa za nyama zokhazokha poti n'zimene mwanayo amakonda, pamene za kuwala, maginito ndi miyala simunazikhudze n'komwe. Kuyambira zaka 8 kapena 9 silabasi imayamba kufunika kwambiri, chifukwa mfundo zimayamba kutsamirana. Mwana sangamvetse kumene mvula imachokera asanaone kuti madzi amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikazizira imabwereranso kukhala madzi.

Ndiyambire pati posankha?

Musayambire pachikuto, ndipo phunziro loyamba lisakukopeni. Ofalitsa ambiri amapereka maphunziro angapo kwaulere kuti muoneretu. Ngati n'kotheka pemphani la chapakati pa buku, la mlungu wa 15 kapena wa 20, chifukwa loyamba amalikonza mwaluso podziwa kuti ndi limene ogula amaona. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Werengani phunzirolo lonse, ndipo muone kuti mwana akuchitamo chiyani. Ngati ntchito yake ndi kumvetsera, kupaka chithunzi utoto ndi kulemba mawu m'mipata, limenelo ndi phunziro la kuwerenga chabe ngakhale pachikuto atalembapo kuti sayansi. Muonenso zimene inuyo mufunika kukonzeratu usiku wake. Silabasi imene imafuna kuti mlungu uliwonse mufunefune zipangizo 12 imayenda bwino mwezi woyamba, kenako imakhala pashelefu. Apa musadzinamize. Ganizirani tsiku limene mwatopa, mwana wamng'ono akulira, ntchito zina zikudikira: kodi buku limeneli mungalitsegule tsiku lotere? Ngati yankho ndi ayi, silabasiyo si yanu, ngakhale mabanja ena aitamande chotani.

Chinanso, onani ngati bukulo likufotokoza chifukwa chimene zinthu zachitikira. Ena amangoti sakanizani ichi ndi ichi muone zodabwitsa, n'kuthera pomwepo.

Mukakhutira ndi zimenezi, phunzitsani mwanayo phunziro lachitsanzolo musanatulutse ndalama. Mphindi 30 zimenezo zidzakuuzani zambiri kuposa ndemanga zonse za pa intaneti.

Kodi masilabasi amenewa amasiyana bwanji?

Ena ndi a buku ndi mafunso, ofanana ndi a kusukulu: mutu, mafotokozedwe, mafunso kumapeto, mayeso. Ubwino wake ndi wakuti simusochera, kuipa kwake n'kwakuti mwana akhoza kuloweza mawu n'kukhoza mayeso asanagwirepo maginito.

Ena amatsata nzeru za Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain amene anamwalira mu 1923. Iye ankafuna maphunziro aafupi, ana azikhala panja nthawi yaitali, aziwerengeredwa mabuku olembedwa ngati nkhani ndi munthu wokonda zimene akulembazo, kenako mwana afotokoze yekha zimene wamva. Mwana amakhalanso ndi kope lojambulamo zimene waona panja. Njirayi ndi yamphamvu pa zomera, mbalame, tizilombo ndi nyengo, koma kholo likapanda kusamala, za magetsi ndi za mphamvu zokankha ndi kukoka zimatsalira.

Palinso amene amagawa sayansi m'zaka 4: chaka choyamba zamoyo, chachiwiri dziko ndi zakumwamba, chachitatu kemisitiri, chachinayi fizikisi, kenako n'kuyambiranso mozama. A Montessori amagwiritsa ntchito zipangizo zogwirika zimene mwana amasankha yekha, potsata njira imene Maria Montessori anayamba pasukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907. Ena amatenga mutu umodzi, monga nyanja, n'kulumikizapo sayansi, kuwerenga, kujambula ndi masamu kwa milungu ingapo. Ndiye pali otsatira John Holt wa ku America, amene m'ma 1970 analimbikitsa zoti mwana azitsogolera yekha maphunziro ake popanda silabasi. Mabanja ambiri amathera posakaniza ziwiri kapena zitatu, ndipo palibe cholakwika.

Chabwino n'chiti: mutu umodzi chaka chonse, kapena mitu yambiri pang'onopang'ono?

Njira yobwereza mitu chaka ndi chaka, ulendo uliwonse mozamirapo, anaitchukitsa Jerome Bruner mu 1960, ndipo sukulu zambiri zimaitsata. Mwana amakumana ndi za kuwala ali ndi zaka 7, n'kudzakumana nazonso ali ndi zaka 10 atakhwimirapo. Imathandiza mwana amene sachedwa kutopa ndi chinthu chimodzi, komanso amene adzabwerere kusukulu.

Mutu umodzi chaka chonse umapatsa mwana mpata wozama, ndipo umachepetsa ntchito ya kholo chifukwa zipangizo zake ndi zomwezomwezo. Vuto limabwera mwana akadana ndi mutuwo. Miyezi 9 ya zomera kwa mwana amene mtima wake uli pa nyenyezi ndi yaitali zedi. Kwa ana osakwana zaka 8, ine ndingasankhe mitu yosinthasintha, uliwonse milungu 4 mpaka 6.

Buku lililonse limati lili ndi zoyesayesa. Ndingadziwe bwanji zenizeni?

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, choncho tichedwepo. Pali chionetsero, ndipo pali kuyesa. Pachionetsero, buku limadziwa kale chimene chichitike, kholo limachita, mwana amaomba m'manja. Chitsanzo chodziwika ndi phiri lophulika la soda ndi viniga. Thovu limasefukira, ana amakuwa, aliyense wasangalala. Koma phiri lenileni siliphulika choncho. Thovulo ndi mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka soda akakumana ndi viniga, pamene phiri limatulutsa miyala yosungunuka ndi kutentha kwa pansi pa nthaka. Mwana akangoonerera, sanaphunzire za mapiri, sanaphunzirenso za mpweya.

Kuyesa kwenikweni kumayamba ndi funso limene mwana sakudziwa yankho lake. Tengani makapu 2, dothi lofanana, nyemba 5 m'kapu iliyonse, madzi ofanana. Ina ikani pawindo, ina m'kabati mwamdima. Musanatseke kabati, mufunseni mwana kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani, ndipo alembe kapena ajambule. Ana ambiri amati za mumdima sizimera. Pakatha mlungu mwana amatsegula kabati n'kungoti kakasi: zamera, ndipo zatalika kuposa za pawindo, koma ndi zoonda, zachikasu, zogwera m'mbali, timasamba take tating'onoting'ono. Za pawindo ndi zazifupi, zonenepa, zobiriwira. Tsopano ali ndi funso lake: zamera bwanji popanda dzuwa? Apa m'pamene amamvetsa kuti mbewu imanyamula chakudya chake choyambira, ndipo kuwala kumafunika pambuyo pake. Akamayeza ndi lula m'mawa uliwonse n'kulemba masentimita m'kope, masamu alowanso momwemo.

Chimene chapangitsa kuti kuyesaku kukhale kwachilungamo n'chakuti mwasintha chinthu chimodzi chokha, kuwala, zina zonse n'kuzisiya zofanana. Silabasi yabwino imaphunzitsa mwana mfundo imeneyi mobwerezabwereza mpaka iye mwini azikugwirani mukalakwitsa: "Amayi, kapu iyi mwathira madzi ambiri, si chilungamo." Mukamaona buku, werengani kuti ndi maphunziro angati amene amauza mwana kuti alosere, asinthe chinthu chimodzi, ayeze, ndi kulemba. Akakhala ochepa, bukulo ndi la zionetsero.

Soda ndi viniga uja akhozanso kusanduka kuyesa kwenikweni. Vekani baluni pakamwa pa botolo kuti mpweya usathawe, ndipo mufunse: tikaonjezera soda, viniga n'kumusiya yemweyo, baluni ikula mpaka pati? Mwana ayeze ndi chingwe. Adzaona kuti pamafika pena pamene kuonjezera soda sikusinthanso kanthu, ndipo adzafuna kudziwa chifukwa chake.

Ndingadziwe bwanji kuti zimene buku likuphunzitsa n'zoona?

Pali malo angapo oyesera buku mwachangu. Tsegulani pa mapulaneti. Ngati likunena kuti alipo 9, ndiye kuti linalembedwa 2006 isanafike, chaka chimene bungwe la International Astronomical Union linaika Pluto m'gulu la mapulaneti aang'ono n'kutsala 8. Buku lakale si loipa pa zonse, koma mudziwe kuti pafunika kukonza.

Kenako tsegulani pa nyengo. Buku likamanena kuti kumatentha chifukwa dziko layandikira dzuwa, lisiyeni. Dziko limayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa January, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limatalikira kwambiri kumayambiriro kwa July, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Komatu January yemweyo ndi nthawi yozizira koopsa ku Canada pamene ku Australia kukutentha. Chimene chimabweretsa nyengo ndi kupendekeka kwa dziko ndi madigiri pafupifupi 23.5, kumene kumachititsa kuti mbali imodzi ilandire dzuwa lolunjika ndi masiku aatali pamene inayo ikulandira lopendekeka.

Zolakwika zina zimene zimakakamira m'mabuku a ana ndi chithunzi cha lilime chogawidwa zigawo, chonena kuti kutsekemera kumamveka kunsonga kokha, ndiponso zoti magazi a m'mitsempha yobwerera kumtima ndi abuluu. Magazi ndi ofiira nthawi zonse, amangodera akakhala ndi okosijeni wochepa. Mukapeza ziwiri mwa zimenezi m'buku limodzi, musakhulupirire kuti kwinako kuli bwino.

Ineyo sayansi inkandivuta kusukulu. Ndingaphunzitse?

Mungathe, bola musankhe silabasi imene ili ndi buku la mphunzitsi lofotokozera inuyo mfundo musanakumane ndi mwana. Ena amafika polemba mawu enieni oti munene. Amaoneka ngati achibwana, koma kwa kholo loyamba kumene ndi othandiza.

Chimene muyenera kuopa si kusadziwa, koma kuyankha molimba mtima zinthu zolakwika. Taganizirani funso ili: kodi thunthu la mtengo waukulu limachokera kuti? Akuluakulu ambiri amati m'dothi. Jan Baptist van Helmont, wa m'dera limene lero ndi Belgium, anayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1600. Anabzala msondodzi wolemera makilogalamu pafupifupi 2 m'dothi louma lolemera makilogalamu pafupifupi 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka 5. Mtengo unafika makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti thunthu lonselo lachokera m'madzi, ndipo apa anaphonya pang'ono, chifukwa gawo lalikulu la mtengo wouma limachokera mumpweya wa carbon dioxide umene masamba amakoka. Nkhani yotereyi ana amaikonda, chifukwa imawaonetsa munthu wamkulu akuyeza mosamala, n'kupeza theka la yankho, ena n'kudzamaliza.

Choncho mwana akafunsa chimene simukudziwa, nenani kuti, "Sindikudziwa, tingachipeze bwanji?" Lembani funsolo kumapeto kwa kope lake, ndipo mudzabwererepo ndithu.

Nanga nkhani ya chikhulupiriro?

Muidziwiretu musanagule, chifukwa pachikuto sizilembedwa nthawi zonse. Ofalitsa ena achikhristu a ku America, monga Apologia, Abeka ndi BJU Press, amaphunzitsa kuti dziko lakhalako zaka masauzande ochepa chabe ndipo amatsutsa zoti zamoyo zinasinthika kuchokera ku zamoyo zina. Masilabasi osatsamira chipembedzo amaphunzitsa zimene asayansi amagwirizana, kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni ndipo zamoyo zakhala zikusinthika. Palinso achikhristu amene amaphunzitsa zaka mabiliyonizo popanda kuona kuti zikuombana ndi chikhulupiriro chawo.

Gulu lovuta kulizindikira ndi limene limangodumpha nkhaniyi kuti ligulidwe ndi aliyense. Simupezamo zaka za miyala, simupezamo mmene mafupa a zamoyo zakale anakhalira m'nthaka. Kuti mudziwe kumene buku laima, tsegulani pa mutu wa miyala kapena wa ma dinosaur muone ngati latchula zaka, ndipo zingati.

Zoti muphunzitsa chiyani m'nyumba mwanu mudziwa ndinu. Chokha chimene muyenera kukumbukira n'chakuti mwana amene adzalembe mayeso a boma kapena kupita kusekondale ndi kuyunivesite adzafunsidwa zimene asayansi amanena, ndipo ndi bwino azimve koyamba zitafotokozedwa molondola.

Buku ndi labwino koma linalembedwera dziko lina. Zili ndi kanthu?

Pa maginito, magetsi ndi thupi la munthu zilibe kanthu. Pa nyengo, zomera, nyama ndi nyenyezi zili nako kwambiri. Masilabasi ambiri otchuka amalembedwa kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo amayala maphunziro motsatira nyengo zinayi za kumeneko: masamba kuyoyoka mu October, chipale mu January, maluwa mu April. Banja la kum'mwera kwa equator lidzapeza miyeziyo itatembenuka, ndipo la m'madera otentha lidzapeza kuti nyengo zake zimagawika ndi mvula, osati ndi chipale. Kumwamba nakonso n'kosiyana. Nyenyezi ya Polaris imene mabuku akumpoto amati muzipezera njira sioneka mukapita kum'mwera, kumene anthu amadalira gulu la nyenyezi lotchedwa Southern Cross. Ngakhale mwezi umaoneka motembenuka.

Musalitaye bukulo chifukwa cha zimenezi. Sinthani dongosolo la mitu kuti ligwirizane ndi zimene zili panja pakhomo panu, ndipo pamene buku latchula mbalame imene mwana sadzaiona, ikanipo imene imatera pabwalo. Mwana wodziwa mayina a nyama 20 za kutsidya kwa nyanja koma osadziwa mtengo umene amakhala pansi pake tsiku ndi tsiku waphonya poyambira.

Ndigule zipangizo ziti? Maikulosikopu ndi yofunika?

Pa msinkhu uno, ayi. Maikulosikopu zotchipa zapulasitiki zimangokhumudwitsa, chithunzi chake sichioneka bwino ndipo mwana amagwa ulesi. Galasi lokulitsa zinthu ka 10 limakwanira kuona timitsempha ta tsamba, maso a ntchentche ndi timiyala ta mumchenga. Pambali pa galasilo mufunika lula, tepi yoyezera, kapu yokhala ndi mizere ya mamililita, sikelo yaing'ono, choyezera kutentha, maginito angapo, mabatire, mawaya ndi timababu ta tochi, ndi kope lolimba. Zotsalazo ndi mabotolo, zingwe ndi makatoni.

Mabokosi obwera ndi zipangizo zonse za silabasi ali ndi ubwino umodzi woona: phunziro silifa chifukwa chosowa kachinthu kamodzi. Ngati mukudzidziwa kuti kufunafuna zinthu ndi kumene kumakulepheretsani, ndalama imeneyo siinalowe m'madzi. Koma funsani ngati zinthu zotha, monga mankhwala ndi mbewu, zimagulidwa padera, makamaka ngati pali mng'ono wake amene adzagwiritse ntchito bokosi lomwelo.

Kodi mavidiyo ndi maphunziro a pa intaneti angakwanire okha?

Okha sangakwanire, koma pali zinthu zimene vidiyo yokha ndi imene ingaonetse. Mu 1971 David Scott wa mu chombo cha Apollo 15 anaima pamwezi n'kugwetsa nyundo ndi nthenga nthawi imodzi, ndipo zinafika pansi limodzi chifukwa kulibe mpweya wotchinga nthengayo. Zimenezo simungazichite pabalaza. Koma vidiyoyo imagwira mtima ngati mwana wayamba wagwetsa yekha mapepala 2 ofanana, lina lofwanyidwa lina lotambasuka, n'kudabwa kuti bwanji lofwanyidwa lafika msanga pamene kulemera kwake n'kumodzi. Manja ayambe, vidiyo itsatire.

Zaulere zabwino zilipo. Webusaiti ya PhET, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi wasayansi Carl Wieman pa University of Colorado Boulder, imalola mwana kulumikiza mabatire ndi mababu pakompyuta. NASA, bungwe la ku America lofufuza zakumwamba, ili ndi masamba a ana ofotokoza zimenezi. Core Knowledge Foundation ya ku America ndi Oak National Academy ya ku England zimapereka maphunziro a sayansi oyalidwa kale kalasi ndi kalasi, ndipo pulogalamu ya Stellarium imaonetsa nyenyezi za pamalo pamene muli usiku womwewo. Dziwani chabe kuti maphunziro ambiri aulere analembedwera mphunzitsi wa kalasi yodzaza ana, ndiye ntchito za m'magulu mufunika kuzisintha.

Ndili ndi ana a misinkhu yosiyana. Aliyense akhale ndi silabasi yake?

Ayi, mungadzitopetse pachabe. Sayansi ndi phunziro limene ana a zaka 6 ndi 10 angachitire limodzi. Mutu ukhale umodzi, kuyesa kukhale kumodzi, kusiyana kukhale pa zimene mukuyembekezera. Wamng'ono ajambule nyemba zija n'kunena zimene waona, wamkulu alembe miyezo, ajambule tchati choonetsa miyezoyo ndi kufotokoza chifukwa chake. Sankhani silabasi yolingana ndi wamkuluyo, chifukwa kupeputsa n'kosavuta kusiyana ndi kuzamitsa. Samalani chimodzi: wamkulu asamayankhe mafunso onse. Muzifunsa wamng'ono poyamba.

Mwana wanga sanayambe kuwerenga ndi kulemba bwino. Tidikire?

Musadikire. Muwerengereni inuyo, iye afotokoze pakamwa, inu mulembe mawu ake pansi pa chithunzi chimene wajambula. Ana ambiri amene amati amadana ndi sayansi amakhala akudana ndi kulemba kumene kumabwera nayo. Ngati silabasi yanu ili ndi mapepala ambiri olemba, yankhani theka lake pakamwa.

Nthawi yochuluka bwanji pamlungu?

Kwa ana a zaka 5 mpaka 7, kawiri pamlungu kwa mphindi 20 kapena 30 n'kokwanira, kuphatikizapo nthawi ya panja. Akuluakulupo angafike katatu, mphindi 30 mpaka 45. Kuyesa kwina kumafuna mphindi 2 zokha patsiku koma kwa nthawi yaitali, monga kujambula mwezi usiku uliwonse mpaka utamaliza kuzungulira kwake kwa masiku pafupifupi 29 ndi theka, kapena kuika chizindikiro pamene chithunzithunzi cha ndodo chathera ola lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo silabasi yothamangitsa mutu watsopano mlungu uliwonse simpatsa mwana mpata umenewu.

Kodi ndiyenera kutsata silabasi ya boma?

Zimatengera dziko. Ku Germany ana amayenera kupita kusukulu ndipo kuphunzira pakhomo n'koletsedwa, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Ku United States n'kololedwa m'zigawo zonse 50, koma malamulo a chigawo chilichonse ndi osiyana. Ku South Africa kholo limayenera kulembetsa mwanayo ku dipatimenti ya maphunziro ya m'chigawo chake. Funsani ku ofesi ya maphunziro ya kumene mukukhala musanagule chilichonse.

Ngakhale lamulo lisakukakamizeni, ndi nzeru kukhala ndi mndandanda wa mitu ya boma pafupi, makamaka ngati mwana adzabwerere kusukulu. Silabasi ya ku England ndi chitsanzo chosavuta kuwerenga: miyala, kuwala ndi maginito m'chaka chachitatu, phokoso ndi magetsi m'chachinayi, dziko ndi zakumwamba m'chachisanu. Ku America zigawo zambiri zimatsata mfundo zophunzitsira sayansi zotchedwa Next Generation Science Standards za mu 2013, zimene zimatsindika kuti mwana azichita zimene asayansi amachita, osati kungoloweza. Kamodzi pachaka yerekezani mndandandawo ndi zimene mwaphunzitsa, muone pamene pali mpata.

Popanda mayeso, ndidziwa bwanji kuti akuphunzira?

Mupatseni chinthu chimene sanachionepo. Ngati mwaphunzira zoti moto umafuna mpweya povundikira kandulo ndi botolo, bweretsani botolo lalikulupo n'kumufunsa kuti kanduloyo izima msanga kapena mochedwa, ndipo chifukwa chiyani. Woloweza amangoti duu, womvetsa amalosera n'kupereka chifukwa. Muthanso kumuuza kuti afotokozere munthu amene sanalipo. Kope lake nalonso ndi umboni: yerekezani chithunzi cha tsamba chimene anajambula kumayambiriro kwa chaka ndi cha kumapeto, muone ngati wayamba kuona timitsempha, m'mphepete mwake ndi pamene lalumikizana ndi nthambi.

Pali zoopsa zimene ndiyenera kusamala?

Zilipo, ndipo silabasi imene sichenjeza za izi ndi yokayikitsa. Magetsi oyesera akhale a mabatire okha, mwana asayandikire a pakhoma. Musasakanize bleach, mankhwala oyeretsera zovala, ndi viniga kapena ndi mankhwala a ammonia, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni. Dzuwa siliyang'anidwa mwachindunji, ngakhale pa kadamsana, ndipo kuliyang'ana ndi galasi lokulitsa kapena telesikopu kumaononga maso nthawi yomweyo. Timabatire tozungulira tokhala ngati mabatani tikamezedwa timaotcha kummero m'maola 2 okha, ndipo timaginito tamphamvu tikamezedwa tiwiri timakokana m'matumbo n'kuboola. Ngati m'nyumba muli kamwana kokwawa, zimenezi zizikhala zotsekeredwa. Moto ndi madzi otentha azigwira ndi wamkulu.

Tagula kale, koma sizikuyenda. Tisiye?

Yambani mwapeza chimene chikuvuta. Ngati ndi kulemba, chepetsani. Ngati ndi zipangizo, khalani pansi tsiku limodzi n'kusonkhanitsiratu za mwezi wonse m'katoni imodzi. Ngati maphunziro ndi aatali, agaweni pawiri. Ngati mwana akudziwa kale zimene zili m'mutuwo, dumphani, palibe amene adzakufunseni chifukwa chimene tsamba 40 lilibe cholembapo. Nthawi zambiri silabasi imene ikuoneka yolephera imangofunika kuidula, ndipo buku ndi lanu, mukhoza kulidula mmene mukufunira.

Mukayesa zimenezi kwa milungu 6 koma mwana akadali kuusa moyo mukangotulutsa bukulo, ndipo inunso mukulizengereza, lisiyeni. Malizani kaye mutu umene muli pakati kuti usatsale m'malere, lembani mitu imene mwamaliza, ndipo posankha silabasi ina muyang'ane kuti isakubwezereni ku mitu yomweyo chaka chomwecho.